Sindikufunanso Kuona Nkhope ya Kundende

Mayina a okhululukidwa adawawerenga m'mawa, kutatsala tsiku limodzi kuti dziko likumbukire ufulu wake pa 6 Julaye. Pakati pa mayinawo padali la kalipentala wina wa ku Thyolo, bambo wa ana awiri, yemwe adakhala m'ndende zaka ziwiri ndi miyezi ingapo pa mlandu wogula matabwa akuba. Chikhululukiro cha mtsogoleri wa dziko sichidikira kuti munthu amange katundu. Akakuitana umavula foya, n'kuvala malaya omwe udalowa nawo ngakhale tsopano akukukhwepa, kenako kudinda chala papepala. Dzuwa lisanafike paliwombo kalipentala uja adali kunja, m'thumba muli botolo la ma ARV a masabata atatu. Kalata yosamutsira dzina lake kuchipatala cha kwawo adalibe. Otuluka tsikulo adali ambiri, ndipo ndani angamve kuti chitseko chatseguka iye n'kubwerera kukaima pamzere kudikira pepala?

Tsidya la msewu, pansi pa mtengo wa mango, padaima mkulu wina wosoka nsapato. Ameneyu adatuluka m'ndende yomweyo chaka chapitacho, ndipo ali m'kati ndiye ankaphunzitsa akaidi anzake za HIV ndi TB. Atamva pawailesi kuti kukhala chikhululukiro adalawirira minibasi, podziwa kuti mwa otulukawo muli anthu ake.

"Amwene, mwatuluka! Ambuye ngabwino. Nanga kalata yakuchipatala akupatsani?"

"Madala, tsitsani mawu."

"Palibe akutimva. Mankhwala mwatsala nawo a masiku angati? Lachiwiri ndidzakutengani, tikalembetse limodzi. Anamwino a kwanuko ndimadziwana nawo."

Kalipentala adayang'ana kumbali. "Mudandithandiza, sindikana. Koma za kundende zathera pageti pano. Ine sindikufunanso kuona nkhope ya kundende."

Mkuluyo sadakwiye. Mawu amenewo adawanenapo iye mwini tsiku lomwe ankatuluka. Adang'amba kapepala, n'kulembapo nambala ya foni, n'kumufumbatitsa m'manja. Pofika padepoti kapepalako kadali katapichiridwa chingambwe.

Chomwe munthuyu ankathawa chidali m'selo momwe adachokera. Ndende za m'Malawi zidamangidwira anthu pafupifupi 7,000, koma kwa zaka zambiri zakhala zikusunga oposa kawiri chiwerengero chimenecho. Mu 2009, pa mlandu womwe mkaidi Gable Masangano adasumira boma, khoti lidagamula kuti kuthithikana kotere n'kuzunza anthu, ndipo lidapereka miyezi 18 yoti vutoli lichepetsedwe. Miyeziyo idatha kalekale. Wobwera kumene wopanda ndalama amagona pashamba, pakati pa selo, chokhala, mawondo ali pachifuwa, msana utatsamira miyendo ya mnzake. Malo a kukhoma, komwe munthu angawongoleko miyendo, amagawa ndi nyapala. Chakudya ndi kamodzi patsiku, nsima ya mgaiwa ndi nyemba kapena nandolo. Pamalo otere bulangete, sopo ndi chipande chowonjezera cha nsima zimakhala ndi mtengo wake, ndipo wosowa omuyendera nthawi zina amalipira ndi thupi. Izi si mphekesera za pabawo. Mu 1999 Dorothy Jolofani ndi Joseph DeGabriele adafufuza m'ndende za Zomba, Chichiri ndi Maula n'kulemba momwe anyamata ndi akaidi osowa ankagonedwera posinthana ndi chakudya ndi pogona. Makondomu m'ndende sagawidwa, poti malamulo a dziko lino amati kugonana kwa amuna okhaokha ndi mlandu, ndipo akuluakulu amaona ngati kugawako n'kuvomereza.

Tisafulumire kuloza chala aliyense wotuluka m'ndende. Ambiri amalowa ali nako kale kachilombo osadziwa, n'kukadziwira komweko chifukwa ndiko ayezedwa koyamba; ambirinso amalowa alibe n'kutuluka alibe. Koma kalipentala wathuyu miyezi yoyamba adaigona pashamba mpaka miyendo kutupa, kufikira wina adamuitanira kukhoma. Polowa adamuyeza, adalibe. Patatha chaka adamuyezanso, adampeza nako.

Tsiku limenelo amene adakhala naye pansi kuseri kwa khitchini ndi mkulu wa nsapato uja. Sadamufunse kuti wakatenga bwanji. Ankadziwa njira yomwe munthu wopanda ndalama amafikira kukhoma. Adangotulutsa botolo lake m'thumba la foya, n'kumuonetsa, n'kunena kuti iye wakhala akumwa kwa zaka zisanu ndipo akadasoka nsapato mpaka pano.

Chodabwitsa n'chakuti m'ndendemo mankhwala adawamwa bwino kuposa anthu ambiri a kunja. Ntchito yosamalira akaidi omwe ali ndi HIV idalimba kuyambira mu 2014, pomwe bungwe la Médecins Sans Frontières lidayamba kugwira ntchito limodzi ndi achipatala a ndende za Chichiri ndi Maula, kuyeza akaidi polowa, ali m'kati ndi potuluka, komanso kuphunzitsa akaidi ena kuti azilangiza anzawo. M'selo mulibe chobisa. Woyandikana nawe akumeza piritsi lake, iwe ukumeza lako, ndipo ukaiwala pali wokugwira paphewa kuti, "Mwamwa?" Atamuyeza magazi pofuna kuona kuchuluka kwa tizilombo, komwe achipatala amati viral load, adapeza kuti tachepa mpaka makina sakutiona. Munthu akafika pamenepo n'kupitiriza kumwa mankhwala sapatsira mnzake pogonana. Adamuuza zimenezi ndipo adazimvetsa.

Mkazi wake ankabwera ndalama ya minibasi ikapezeka, atanyamula ufa woyera ndi usipa. Ulendo wina adalankhula kudzera pawaya, nkhope ili ngwee: "Bambo a ana, ndidayezetsa magazi kusikelo. Ndili bwinobwino. Ndikukudikirani." Iye adangoti zikomo, n'kufunsa za chimanga.

Kwawoko ndi kwa chikamwini. Adabwerera m'nyumba ya zipinda ziwiri pamudzi wa mkazi wake, nyumba ya apongozi ili apo, ya alamu ili apo. Mkamwini wochokera kundende amayenda maso onse ali pa iye. Botolo la mapiritsi limachita phokoso ukaligwedeza, choncho adalikulunga m'sokosi n'kuliika pansi pa bokosi la zipangizo, pamodzi ndi buku la kuchipatala lokhala ndi chidindo cha ndende. Ankamwera kuchimbudzi mbandakucha, wopanda madzi. Masabata atatu adatha msanga.

Sikuti sadayese. Kuchipatala chapafupi sakadapita, chifukwa wazaumoyo wa m'mudzimo ndi msuweni wa mkazi wake, ndipo benchi ya olandira ma ARV imaonekera kumsewu. Adanamiza mkazi kuti akukafuna ganyu kuesiteti ya tiyi, n'kuyenda wapansi kupita kuchipatala china chakutali. Adakhala pamzere mpaka adafika pazenera.

"Bambo, mumalandirira kuti? Nambala yanu ndi chiyani? Kalata yosamukira mwabwera nayo?"

Kalalikiyo sadalankhule mwamwano. Awa ndi mafunso omwe amafunsa aliyense wachilendo. Koma kumbuyo kwa kalipentala kudali amayi obereka ana ndi agogo a ndodo, onse chete, makutu ali tcheru, ndipo yankho la funso loyamba lidali dzina la ndende. Adagwiragwira m'matumba, n'kunena kuti buku waliiwala panjinga. Adatuluka, ndipo njinga adalibe.

Akadapirira mpaka kulowa m'chipinda n'kufotokozera namwino chitseko chili chotseka, sakadabwerera chimanjamanja. Ma ARV ndi aulere m'zipatala za boma kuyambira mu 2004, ndipo wosowa kalata amatha kumuyezanso n'kumulembetsa, kapena kuimbira foni komwe ankalandirira. Iye zimenezi sankazidziwa. Amene ankazidziwa, amene akadaima pazenera paja n'kungoti "awa ndabwera nawo ine, tikufuna tionane ndi anamwino", ndi uja nambala yake idapsera limodzi ndi fodya.

Musaganize kuti ndi umbuli wa kumudzi. Ku Texas, m'dziko la America, ofufuza adatsatira akaidi 2,115 omwe adatuluka ali pa ma ARV pakati pa 2004 ndi 2007. Mwa anthu 100 alionse, asanu okha ndi omwe adakatenga mankhwala ena m'masiku 10 oyamba, ndipo pofika masiku 60 adali 30 okha. Malamulo a United Nations osamalira akaidi, omwe mu 2015 adawatcha dzina la Nelson Mandela, amanena kuti chithandizo cha HIV ndi TB chisadukize munthu akamalowa kapena kutuluka m'ndende. Koma lamulo silikwera minibasi ndi munthu. Wotuluka amakhala ndi zambiri m'mutu: pogona, ngongole zomwe banja lidatenga, makasitomala omwe adapita kwa kalipentala wina, ana omwe akumuyang'ana ngati mlendo. Piritsi limakhala kumapeto kwa mndandanda, makamaka pamene thupi silikupweteka.

Patatha mwezi mkulu wa nsapato adafunsira njira mpaka adafika pamudzipo pa kabaza. Apongozi ndiwo adayamba kumuona. Atamva kuti mlendoyo adadziwana ndi mkamwini wawo kundende, adalankhula mokweza kuti ndi kuseri kwa nkhokwe kumveke: "Akabwerebwere ayamba kulondolana. Ana inu, mangani mbuzi."

Kalipentala adamukokera mlendo wake kunjira.

"Madala, mukufuna andithamangitse pamudzi pano?"

"Ndabwerera botolo lija, amwene. Mwa kuwerenga kwanga lidatha sabata yatha."

"Ndikulandira."

"Kuti?"

Padalibe yankho. Mkuluyo adapitiriza motsitsa mawu. "Ngati pakamwa pakulemera kuwauza alamu, tiyeni tonse atatu kwa mlangizi, iyeyo ndiye akayambitse nkhani. Alamu angathe kumamwa PrEP, mankhwala oteteza amene alibe kachilombo. Inu mubwerere pa mankhwala. Pakadali pano, kondomu."

"Kondomu kwa mkazi amene wandidikira zaka ziwiri? Akandifunsa chifukwa ndidzati chiyani? Akati munakatenga kuti, poti kundende kulibe akazi, ndidzayankha chiyani pamaso pa ankhoswe?"

Mkuluyo adakhala kaye chete, chifukwa funsolo lilibe yankho lopepuka ndipo iye sadafune kunamizira kuti lilipo. Pomaliza adati, "Wakutsina khutu ndi mnansi, amwene. Ndidzabweranso."

"Musadzabwerenso."

Apa mlandu sungagwere kalipentala yekha. Anthufe tikaona awiri otuluka m'ndende akunong'onezana timathamangira kuwerenga nkhuku. Mpingo umawapempherera Lamulungu loyamba, n'kuwalangiza kuti asiyane ndi anzawo akale. Langizolo limamveka lanzeru, ndipo nthawi zina ndi lanzerudi, pakuti alipo anzake ena obwera ndi mapulani a usiku. Koma mwa anthu onse amene mwamunayu ankawadziwa, mmodzi yekha ndiye ankadziwa tsiku lomwe botolo lithere, ndipo ameneyo ndiye adamumangira mbuzi. Abusa, malume kapena mkazi sakadafunsa funso lomwe sankadziwa kuti lilipo.

Munthu akasiya ma ARV thupi silimuuza msanga. Kalipentala adayamba kunenepa, poti tsopano ankadya nsima yoyera kawiri patsiku. Adadziuza kuti mwina makina a kundende adalakwitsa, mwinanso mapemphero agwira ntchito. Koma m'masabata ochepa chabe tizilombo timachulukananso m'magazi, ndipo chitetezo chija cha "sapatsira mnzake" chimathera pomwepo.

Mvula isanagwe mkazi adaima. Kusikelo ya amayi oyembekezera adamuyeza ulendo woyamba, adalibe kachilombo. Anamwino adati ulendo wotsatira abwere ndi bambo. Bambowo tsiku limenelo adapezeka ndi ntchito ya denga kumudzi wina. Mimba itakula adamuyezanso monga amachitira, ndipo mizere idatuluka iwiri. Adamuyambitsa mankhwala tsiku lomwelo, monga zakhalira kwa amayi oyembekezera m'Malawi muno kuyambira mu 2011. Namwino adamufotokozera mosabisa kuti mayi akatenga kachilombo ali ndi pakati kapena akuyamwitsa, tizilombo timakhala tambiri zedi m'masabata oyamba, ndipo mwana amakhala pachiopsezo chachikulu kuposa wa mayi amene adayamba mankhwala kale.

Mayiyo sadafike kunyumba ndi phokoso. Adadikira mwamuna atapita kudimba, n'kukhuthula bokosi la zipangizo pamphasa: sowo, hamala, misomali yopindika, sokosi yokhala ndi botolo lopanda kanthu, ndi buku. Adawerenga deti yomwe mwamuna wake adayamba mankhwala. Idali lisanafike tsiku lija adaima pawaya n'kunena kuti ali bwinobwino.

Nthawi imeneyo n'kuti kalipentala atayamba kale kutsokomola ndi kutuluka thukuta usiku. TB imakonda malo othithikana opanda mpweya, ndipo imatha kukhala chete m'thupi kudikira chitetezo chitsike. Adamugoneka kuchipatala cha boma. Mkazi adali wotopa ndi pakati komanso mtima uli chiphwirikiti. Abale a mwamuna adali kutali. Mkulu wa nsapato adamva kwa mnzake wa m'gulu la anthu omwe ali ndi HIV, amene amathandiza pachipatalapo, ndipo ndiye adabwera ndi ndowa ndi phala kudzakhala gadiyani. Adaimba foni kukachipatala ka kundende, n'kupatsira namwino wa muwodi. Nambala ndi mbiri yonse ya mankhwala zidapezeka m'mphindi zochepa. Zomwe zidamubweza munthu pazenera paja zidathera pa mayunitsi a foni imodzi.

Kuti mnzako wodutsa njira yomweyo amathandiza si nkhani yongosangalatsa m'makutu. Ena adaiyesa n'kuwerenga. Ku Los Angeles, pa kafukufuku yemwe zotsatira zake zidatuluka mu 2018, alangizi omwe moyo wawo udafanana ndi wa akaidiwo ankayamba kucheza nawo asanatuluke, n'kumawaperekeza kuchipatala atatuluka. Patatha chaka, pafupifupi theka la operekezedwawo tizilombo tidali tochepabe m'magazi mwawo, pomwe mwa osaperekezedwa adali 36 pa 100 alionse. Ku Gauteng, m'dziko la South Africa, adayesa timagulu ta otuluka kumene m'ndende tokumana kunja, ndipo pakutha pa miyezi isanu ndi umodzi 61 pa 100 alionse a m'timaguluto adali pa chithandizo, poyerekeza ndi 36 mwa omwe adangouzidwa kuti apite kuchipatala. Onani kuti ngakhale ndi thandizo, ambiri adasowabe. Mnzako si mankhwala a zonse.

Maganizo amenewa si achilendo ku Thyolo. Magulu a anthu osapitirira asanu ndi mmodzi, osinthana kukatengerana ma ARV kuchipatala, adayambira ku Tete m'dziko la Mozambique mu 2008 ndipo adafika ku Thyolo mu 2012. Koma gulu lotere limamangidwa pa kukhulupirirana kwa anthu oyandikana, ndipo wochokera kundende ndiye womaliza kuitanidwa. Bungwe la Prison Fellowship Malawi lili ndi nyumba ku Balaka yokonzekeretsa otuluka m'ndende ndi kuwaphunzitsa ntchito zamanja, koma nyumba imodzi singalandire onse otuluka m'dziko lonse. Otsalawo amadalira anthu ngati mkulu wa nsapatoyu, amene ndalama ya kabaza amaichotsa pa nsapato zomwe wasoka. Iyeyo adasintha kachitidwe. Masiku ano sadikira tsiku lotuluka. Amapempha chilolezo kukacheza ndi akaidi kukadali miyezi, amalemba nambala ya ma ARV ya aliyense m'kope mwake mwiniwake akavomera, ndipo amagwirizana naye kuti akadzafika pamudzi adzadzitchula kuti ndani. Kwa ena iye ndi wa kumpingo, kwa ena ndi kasitomala wofuna mpando.

Mwana adabadwa wamkazi. Adamumwetsa mankhwala oteteza, ndipo atamuyeza pa masabata asanu ndi limodzi sadampeze ndi kachilombo. Popeza akuyamwa, adzamuyezanso akakwanitsa miyezi 12 ndiponso 24.

Tsiku lomwe kalipentala adatuluka m'chipatala, mkulu uja adamuperekeza mpaka pakhomo. Ulendo uno apongozi adamuyalira mphasa. Koma mkazi adakhala potero, mwana ali pabere, n'kumuyang'ana m'maso.

"Achimwene, tsiku lija mudabwera pa kabaza mumadziwa zonse?"

"Ndinkadziwa, alamu."

"Mudandiona ndikusinja apa. Mudandipatsa moni. Bwanji simudandiuze?"

Mkuluyo adafotokoza kuti lamulo la HIV la 2018 limaletsa munthu kuulula za mnzake popanda chilolezo chake, ndiponso kuti iye akadzangoulula kamodzi, palibe mkaidi amene adzamuuzenso kanthu, ndipo akazi ena ambiri adzavulala chifukwa cha zimenezo. Zonsezi n'zoona, ndipo ine ndikadakhala pamphasapo ndikadamuikira kumbuyo.

"Ine sindikunena za akazi ena," adatero mayiyo. "Ngati kwa ine simukadatha, bwanji simudapite kwa anamwino omwe mumadziwana nawowo, iwowo apeze njira yondiitanira? Mudangomva kuti musadzabwerenso, inu n'kumveradi?"

Pamenepa mkuluyo adasowa chonena. Njira yodziwitsira mkazi kapena mwamuna wa munthu amene akukana kuulula lamulo lidaisiya m'manja mwa achipatala, ndipo iye khomo la achipatalawo ankalidziwa. Adaopa kutaya mnzake, ndiponso mawu a mbuzi aja adamulasa kuposa momwe adaonetsera.

Ankhoswe adakumana kawiri osamvana. A kuchikazi ankati mkamwini anyamule bokosi lake azipita. A kuchimuna ankati munthu wodwala sathamangitsidwa. Funso loti adakatenga kuti lidafunsidwadi, ndi malume a mkazi, ndipo mayiyo ndiye adalidula, nati iye sakuzenga mlandu wa zomwe zidachitika m'selo, akuzenga wa miyezi yomwe mwamuna adagona naye mphasa imodzi botolo lili lopanda kanthu. Kalipentala pakadali pano akukhala kwa mlongo wake, akumaliza mankhwala a TB, ndipo ma ARV amakatengera limodzi ndi mkulu wa nsapato. Za ukwati ankhoswe adaziimika kaye mpaka mwana adzayezedwe komaliza.